Robert, mwana wa Livingstone amene anafera ku nkhondo ya ku America

Ndalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa mbiri yakale pa sekondale ina ku Mulanje. Ndaifupikitsa, koma mutu wake ndi uwu: "Ndimaphunzitsa ana za David Livingstone. Tsiku lina mtsikana wina anandifunsa kuti, kodi bambo ameneyu analibe ana? Nanga pamene ankangoyendayenda zaka zonsezo, anawo ankakhala ndi yani? Ndinasowa choyankha. Mnzanga wina wandiuza kuti mwana wake wamkulu anali msilikali ndipo anafera ku America pomenyera ufulu wa akapolo. Kodi n'zoona? Nanga ana ake ena anafikako kuno kwathu?"

Aphunzitsi, zikomo kwambiri, ndipo mukamuthokozenso mtsikanayo, chifukwa wafunsa chinthu chimene mabuku a kusukulu amangochilumpha. Inde, n'zoona. Dzina lake anali Robert Moffat Livingstone, chisamba cha David ndi Mary. Anamwalira pa 5 Disembala 1864 ali ndi zaka 18, m'ndende ya asilikali ogwidwa pankhondo mumzinda wa Salisbury ku North Carolina. Ana asasokoneze ndi Salisbury amene lero timamutcha Harare. Uyu ndi wa ku America. Koma mawu akuti "pomenyera ufulu wa akapolo" tiwagwire mosamala. Ndi mawu otonthoza amene anthu anadzawonjezera mnyamatayo atapita kale. Iye mwini analemba zina, ndipo ine ndikuona kuti ndi bwino kumumvera iyeyo poyamba.

Robert anabadwa mu 1846, patatha chaka makolo ake atakwatirana ku Kuruman. Mayi ake anali mwana wa mmishonale Robert Moffat, ndipo dzina analitenga kwa agogo akewo. Ubwana wake unali wa ku Kolobeng, m'dziko limene tsopano ndi Botswana, pakati pa anthu a mfumu Sechele. Monga mwa mwambo wa kumeneko, umene sukusiyana ndi wathu, Mary anasiya kutchulidwa dzina lake n'kukhala Ma-Robert, amake Robert.

Mwanayu anayamba maulendo asanadziwe n'komwe kuwerenga. Mu 1850 bambo ake anatenga banja lonse pangolo ya ng'ombe kupita ku nyanja ya Ngami, ana n'kudwala malungo kumeneko. Atangobwerera ku Kolobeng kunabadwa khanda, Elizabeth, limene linamwalira lisanathe miyezi iwiri. Chaka chotsatira Livingstone anawatenganso, Mary ali ndi pakati pena. Mayi a Mary anamulembera mkamwini wawoyo kalata yaukali, yomufunsa ngati kutaya khanda limodzi sikunamukwanire. Iye sanabwerere m'mbuyo. Paulendo umenewo wowalondolera njira anasochera m'chipululu, madzi a m'ngolo anatha, ndipo anawo anakhala masiku akulirira madzi. Livingstone mwiniwake analemba kuti madzi akamachepa m'pamene ludzu la anawo linkakula, ndi kuti Mary sanamudzudzule ndi liwu limodzi lomwe, koma misozi inali m'maso. Robert anali ndi zaka zisanu.

Atawoloka chipululucho anafika kwa Sebetwane, mfumu ya Amakololo, pafupi ndi mtsinje wa Chobe. Mfumuyo inadwala patangopita masabata ochepa. Livingstone anapita kukaiona ali ndi Robert, ndipo atanyamuka kuti azipita, mfumuyo inadzutsa mutu pamphasa n'kuitana wantchito wake kuti, "Mutengereni Robert kwa Maunku, akamupatse mkaka." Maunku anali mmodzi mwa akazi ake. Livingstone akuti amenewa ndiwo anali mawu omaliza a Sebetwane. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri. Munthu wamkulu chotero, amene anatsogolera anthu ake kuchokera kutali kummwera akumenya nkhondo njira yonse, ali pafupi kutsirizika, maso ake anaona kuti pali mwana wa mlendo amene mwina ali ndi njala. Ana anu akumbutseni kuti Amakololo amenewa ndi omwe aja ena mwa iwo anadzatsala ku Chikwawa n'kukhala mafumu, monga a Kasisi, a Mlauli, a Katunga ndi a Maseya.

Mu Epulo 1852 Livingstone anakweza mkazi wake ndi ana anayi sitima ku Cape Town kuti apite ku Britain. Anawalonjeza kuti atsatira pakapita zaka ziwiri. Zinakwana zinayi ndi theka. Pamene iye ankadutsa Africa kuchokera ku Luanda mpaka ku Quelimane n'kutchuka dziko lonse, Mary ankavutika. Sanamvane ndi apongozi ake ku Hamilton, anthu okhwimitsa za chipembedzo amene ankaona ngati anawo ndi osaleredwa bwino. Anachoka n'kumangosamukasamuka m'nyumba za lendi ku England, ndalama zosakwana, akulembera bungwe la London Missionary Society makalata opempha thandizo. Anayamba kumwa. Robert anaona zonsezi ali pakati pa zaka 6 ndi 10, mwana wozolowera dzuwa ndi ng'ombe za ku Kolobeng ali m'dziko lozizira limene ankauzidwa kuti ndiko kwawo.

Tiwerengere limodzi, Aphunzitsi, chifukwa apa m'pamene pagona yankho la mtsikana uja. Bambo ake anafika ku Britain mu Disembala 1856 n'kunyamukanso mu Malichi 1858. Ndiye kuti kuyambira ali ndi zaka 6 mpaka imfa yake, Robert anakhala m'dziko limodzi ndi bambo ake kwa miyezi pafupifupi 15 yokha. Ngakhale m'miyezi imeneyo, bambowo anali kalikiliki kulemba buku la maulendo awo ndi kuyankhula m'misonkhano m'mizinda yosiyanasiyana. Mu 1858 Mary ananyamuka limodzi ndi mwamuna wake, ndipo Robert ndi abale ake Agnes ndi Thomas anatsala m'manja mwa agogo, azakhali ndi anthu ena amene anapatsidwa udindo wowayang'anira.

Ifeyo nkhani yotere sitiimva ngati yachilendo. Midzi yathu inadzaza ndi ana a matchona, amene bambo awo anapita ku migodi ya ku Joni kapena ku Halale n'kumangotumiza kalata ndi bulangete, mwana n'kukula akudziwa dzina la bambo koma osadziwa mawu awo. Kusiyana kwake n'kwakuti bambo a Robert ankadziwika ndi munthu aliyense mumsewu, ndipo aliyense ankayembekezera kuti mwanayo afanane nawo.

Sanafanane nawo. Anamusinthasintha masukulu, ankathawa, ankakana kumvera, analowa m'magulu amene omuyang'anira sankawafuna. Makalata ochokera ku Zambezi ankabwera ndi malangizo ndi chidzudzulo, ndipo bambo ake ankadera nkhawa kwambiri kuti mnyamatayo awononga dzina la banja.

Tsono taonani zimene zinkachitika kuno nthawi yomweyo. Sitima imene inakwera mtsinje wa Shire mu Januwale 1859, n'kukaima pa mathithi kumtunda kwa mudzi wa Chibisa, dzina lake inali Ma Robert. Inali sitima yovuta, yodontha, yodya nkhuni zambiri, ndipo inamira m'Zambezi mu Disembala 1860. Komabe ndiyo inabweretsa Livingstone kuno chaka chimene anaona nyanja ya Chilwa mu Epulo ndi nyanja ya Malawi mu Seputembala. Dzina la mnyamatayu linafika ku Chikwawa, mwiniwake ali ku Britain akulimbana ndi aphunzitsi ake. Cholinga chachikulu cha ulendowo chinali thonje. Livingstone, amene anayamba kugwira ntchito m'fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland ali ndi zaka 10, ankakhulupirira kuti thonje la m'chigwa cha Shire likalowa pamsika wa ku Britain, lidzagwetsa thonje lolimidwa ndi akapolo ku America, komanso kuthetsa malonda a anthu kuno. Mu Julayi 1861 iye ndi gulu la Bishopu Mackenzie anamasula akapolo 84 pamudzi wa Mbame n'kukayamba mishoni ku Magomero. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi zigawo za kummwera zimene zinkafuna kusunga ukapolo, inali itayamba miyezi itatu m'mbuyomo.

Mary anafika ku Zambezi kumayambiriro kwa 1862 ndipo anamwalira ndi malungo ku Chupanga pa 27 Epulo, ali ndi zaka 41. Robert anali ndi zaka 16. Mayi akewo ndiwo anali munthu mmodzi amene anakhala naye m'mavuto onse aja.

Mu 1863 mnyamatayo anakwera sitima kupita ku Natal ndi cholinga chokapeza bambo ake ku Zambezi. Mfundo imeneyi musaisiye pophunzitsa, chifukwa anthu ambiri amamufotokoza ngati mwana wolowerera amene anathawa kwawo. Ulendo wake womaliza unayamba ngati ulendo wopita kwa bambo ake. Atafika ku Natal anapeza kuti palibe ndalama yomudikirira, palibenso njira yapafupi yofikira ku Zambezi. Chaka chomwecho boma la Britain linalamula kuti ulendo wa ku Zambezi uthe. Uthengawo unamupeza Livingstone ku Shire mu Julayi, ndipo podikira kuti madzi a mtsinje akwere, iye anayenda wapansi mpaka ku Nkhotakota kumene anaonana ndi Jumbe. Bambo ali m'mbali mwa nyanja yathu, mwana ali padoko kummwera wopanda khobidi. Robert anakafika ku Cape Town, anapeza ntchito m'sitima, ndipo sitimayo inamufikitsa ku Boston.

Kuti mumvetse zimene zinamuchitikira kumeneko, muyenera kudziwa mmene asilikali ankapezekera nthawi imeneyo. Nkhondo inali itadya anthu ambiri, ndipo mu Malichi 1863 boma la zigawo za kumpoto linakhazikitsa lamulo lokakamiza amuna kulowa usilikali. Koma lamulolo linkalola munthu wa ndalama kulipira madola 300 kapena kupeza wina womulowera m'malo. Zigawo ndi mizinda zinkaperekanso ndalama kwa aliyense wolembetsa. Pamenepo panabadwa katangale woopsa. M'madoko munadzaza madobadoba amene ankasaka amalinyero ndi alendo ongotsika kumene m'sitima, kuwaledzeretsa kapena kuwathirira mankhwala, kuwalembetsa usilikali, ndalama n'kutenga iwowo. Robert anauza bambo ake kuti iyenso anachita kubedwa motero. Pofika kumayambiriro kwa 1864 anali msilikali wamba wa zigawo za kumpoto m'gulu la 3rd New Hampshire, pansi pa dzina lakuti Rupert Vincent.

Livingstone anafika ku London mu Julayi 1864 n'kumva nkhaniyi. Analembera mnzake John Kirk kuti mtima wake ukuwawa, kuti mnyamata woipa uja walowa m'gulu la nkhondo la ku America, ndipo adzasanduka manyowa a minda yamagazi ija. Ndi mawu owawa kuwerenga. Muli ukali, koma mulinso mantha a kholo limene likuona kuti zinthu zafika poti silingazibweze.

Gulu la Robert chaka chimenecho linkamenya nkhondo ku Virginia, kufupi ndi Richmond, likulu la zigawo za kummwera. Ali kumeneko analembera bambo ake kalata imene inasungidwa, ndipo kwa ine ndi chinthu chofunika kuposa china chilichonse m'nkhani yonseyi. Ananena kuti anasintha dzina chifukwa anali wotsimikiza kuti kukhala ndi dzina la bambo ake kumeneko kukanangowonjezera kulichititsa manyazi. Ananena kuti sanavulazepo munthu mwadala pankhondo, kuti nthawi zonse ankawombera m'mwamba, ndi kuti ngakhale pa misala ija imene imagwira msilikali aliyense akamathamangira adani ndi mpeni wa kunsonga kwa mfuti, iye anadzigwira n'kumutenga wamoyo munthu amene anakweza manja. Anadandaulanso kuti anataya mwayi wa sukulu, ndipo anati ataupezanso angadzione wodala.

Muiwerengenso kalatayo mofatsa, Aphunzitsi. Mnyamata wa zaka 18, imfa ili pakhomo tsiku lililonse, chimene chikumudya mumtima n'chakuti asadetse dzina la bambo ake. Sakudzitama kuti akumasula akapolo. Akuyesetsa kuuza bambo ake kuti m'manja mwake mulibe magazi, kuti zimene anamuphunzitsa sizinapite pachabe. Mwana amene ankatchedwa woipa uja ndiye ankakweza mfuti m'mwamba kuti asaphe mwana wa munthu wina. Msilikali wochita zimenezi amaika moyo wake pachiswe kawiri, kwa adani ndi kwa akuluakulu ake omwe. Ine ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezi kuposa mmene ndikanamulemekezera akanakhala ngwazi ya m'nyimbo.

Mu Okutobala 1864, patangopita masiku ochepa, anavulala n'kugwidwa pankhondo ya ku Laurel Hill, ndipo anamutumiza ku Salisbury.

Ndende imeneyo inali fakitale yakale ya thonje. Inakonzedwa kuti izisunga anthu pafupifupi 2,500, koma chakumapeto kwa 1864 munali anthu okwana 10,000. Chifukwa chake chikukhudzana ndi funso lanu. Poyamba mbali ziwirizi zinkasinthana akaidi, koma dongosololi linasokonekera mu 1863, makamaka chifukwa a kummwera anakana kuwerengera asilikali akuda ogwidwa ngati asilikali enieni oyenera kusinthanitsidwa. Ankati ndi akapolo othawa. A kumpoto anakana kusinthana mwa tsankho lotero, ndende za mbali zonse ziwiri n'kudzaza. Ku Salisbury nyumba sizinakwane, matenti sanakwane, ndipo nyengo yozizira itafika akaidi ambiri anakumba maenje m'dothi lofiira n'kumagonamo. Chakudya chinali kachidutswa ka buledi wa chimanga ndi msuzi wamadzimadzi, masiku ena osalandira n'komwe. Matenda a m'mimba ndi chibayo zinkapha anthu tsiku ndi tsiku. Panali nyumba ina yoikamo mitembo, ndipo ngolo inkabwera kudzainyamula, yosanjikizana, yopanda mabokosi, kupita nayo kumunda wakale wa chimanga kumene ankaikwirira m'maenje aataliatali. Pa 25 Novembala akaidi anayesa kuthyola chipata mwa chigulu, alonda n'kuwawombera ndi mfuti ndi mizinga. Patapita masiku 10 Robert anamwalira. M'miyezi imeneyo, pa akaidi anayi alionse, mmodzi kapena kuposerapo sanatulukemo wamoyo.

Maenjewo alipo 18, ndipo lero ali mkati mwa manda a boma a Salisbury National Cemetery. Chipilala cha pamenepo chimati pagona anthu 11,700, ngakhale ofufuza a masiku ano amati chiwerengero chenicheni sichikufika 5,000. Mukakumana ndi mabuku akale onena kuti Robert anaikidwa ku Gettysburg, kumene Pulezidenti Lincoln anayankhula mawu ake otchuka aja, musawatsatire. Nkhondo ya ku Gettysburg inachitika mu Julayi 1863, Robert asanakhale msilikali, ndipo malowo ali kutali ndi kumene anafera. Kwa ine nkhani ya Gettysburg ikungosonyeza mmene anthu ankafunira kuti mwana wa munthu wotchuka akhale ndi imfa yooneka bwino.

Ndiye kodi anafera ufulu wa akapolo? Gulu la nkhondo limene anali nalo ndilo linathetsa ukapolo wa anthu pafupifupi 4 miliyoni. Lincoln anali atalengeza kale za kumasulidwa kwa akapolo a m'zigawo zoukira pa 1 Januwale 1863, ndipo lamulo lothetseratu ukapolo m'dziko lonselo linakhazikika mu Disembala 1865, patatha chaka Robert atamwalira. Kumene ankamenyerako kunalinso magulu a asilikali akuda, ndipo 14 mwa iwo analandira mendulo yapamwamba kwambiri ya dzikolo chifukwa cha nkhondo ya ku New Market Heights pa 29 Seputembala 1864. Ndende imene inamupha inadzaza chifukwa cha mkangano wa ngati munthu wakuda ndi munthu mofanana ndi mzungu. Choncho imfa yake ndi mbali ya mtengo umene unalipiridwa. Zimenezo sindikutsutsa. Chimene ndikukana ndi kunena kuti anawoloka nyanja dala kukapitiriza ntchito ya bambo ake, chifukwa tikatero tikumulandanso moyo wake n'kuusandutsa chokongoletsera mbiri ya David Livingstone. Pamene anali moyo, dzina la bambo ake linamulemera mpaka analitula. Si bwino kuti ife timusenzetsenso ali m'manda.

Sindikulemba izi kuti ana anu amuone Livingstone ngati chilombo. Zimene anaona m'chigwa cha Shire, midzi yotenthedwa, anthu m'magoli, mitembo ikuyandama mumtsinje nthawi ya njala ya 1862 ndi 1863, zinali zenizeni, ndipo kufuula kwake kunathandiza kuti malonda a anthu athe. Anthu ambiri a kuno ali moyo lero chifukwa makolo awo sanafike ku msika wa ku Kilwa kapena ku Zanzibar. Koma ntchito imeneyo inalipiridwanso ndi anthu amene sanafunsidwe: Mary, khanda lija la ku Kolobeng, ndi Robert. Livingstone mwiniwake anadzavomera mochedwa. M'zaka zake zomaliza analemba kuti chimene ankanong'oneza nacho bondo pa nthawi ya ku Kolobeng n'chakuti sanaone kusewera ndi ana ake ngati udindo wofanana ndi kuphunzitsa anthu, ndipo anawo anakula iye kulibe. Ana a sekondale akhoza kusenza mfundo ziwiri nthawi imodzi, kuti munthu anachitira dziko zazikulu, komanso kuti a m'nyumba mwake anavutika nazo. Ambiri mwa iwo akuzidziwa kale kuchokera kwawo.

Muthanso kuwaonetsa mmene banjali linamwazikira. Livingstone atamwalira kwa Chitambo ku Zambia mu Meyi 1873, Susi, Chuma ndi anzawo anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, n'kunyamula thupi miyezi isanu ndi inayi mpaka ku Bagamoyo, ndipo linaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Mary ali ku Chupanga, Elizabeth ku Kolobeng, Thomas anamwalira ku Alexandria wa ku Egypt mu 1876, Robert ali ku North Carolina. Amene mungafune kufufuza pa intaneti, lembani dzina lakuti Rupert Vincent pamodzi ndi 3rd New Hampshire, chifukwa m'kaundula wa asilikali analembedwa choncho.

Pa funso lanu lomaliza: amene anadzakhala ndi mbali yaikulu kuno ndi zidzukulu. Anna Mary, mzime wa m'banjamo amene anabadwa mu 1858, mwana wake Dr Hubert Wilson anadzagwira ntchito ya udokotala pa mishoni ya Chitambo, dera lomwe agogo ake anafera. Agnes, mlongo wake wa Robert, anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh, amene anagula malo aakulu ku Magomero. Mwana wawo, Alexander Livingstone Bruce, ndiye ankayendetsa minda imeneyo, kumene thangata anafika powawa kwambiri, ndipo kapitawo wamkulu wa pamenepo, William Jervis Livingstone, anaphedwa ndi anthu a John Chilembwe usiku wa pa 23 Januwale 1915. Miyezi iwiri zimenezi zisanachitike, Chilembwe anali atalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a kuno akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Magomero sali kutali ndi Mulanje, ndipo ngati sukulu yanu ingakwanitse galimoto, anawo apite akaone malowo ndi maso awo, adutsirenso ku Mbombwe pa PIM, mishoni ya Chilembwe.